Mzukwa Woyala Bedi

Pali anthu ena amene manja awo sadziwa kupuma. Mwini wake akhoza kukhala pansi, akhoza kudwala, akhoza kukhala mlendo m'nyumba ya eni, koma manja okha ali kalikiliki. A Wongolani anali munthu wotero. Dzinali si la ubatizo ayi. Anawapatsa ndi atsikana amene ankagwira nawo ntchito yokonza zipinda ku hotela, chifukwa mayiwa akalowa m'chipinda moni wawo unali womwewo tsiku ndi tsiku: "Wongolani apo." Shiti ikachita makwinya pakona, wongolani apo. Pilo ikapendekeka, wongolani apo. Mtsikana wina wolimba mtima anayesapo kuwauza kuti mlendo amabwera kudzagona, osati kudzayeza bedi ndi rula. Mtsikana ameneyo anayala ndi kuyalula bedi limodzi lomwelo mpaka nthawi yoweruka.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, ndipo anaisiya mawondo atayamba kukana masitepe. Zaka zonsezo ankakankha kangolo ka mashiti, matawulo ndi tisopo ting'onoting'ono m'makonde aatali a hotelayo, akugogoda pakhomo lililonse, "Odi, okonza m'chipinda!" ngakhale akudziwa bwino lomwe kuti mlendo anatuluka kalekale. Iwo atapuma pantchito, manja anakana kupuma nawo. Akapita kuchipatala kukazonda wodwala mmodzi, ankabwerako atayala mabedi a odwala a eni. Mu basi ankachotsa ulusi pa jekete la munthu wosamudziwa. Kutchalitchi, bambo wokhala kutsogolo kwawo ankangomva zala zozizira pakhosi, akacheuka n'kupeza a Wongolani akuimba maso ali kumwamba, kolala atamuwongolera kale.

Amuna awo, amene anali dalaivala wa lole, ankakonda kunena kuti iwo sanakwatire mkazi, anakwatira simbi yositira. Ankanena moseka, chifukwa pakati pa madalaivala onse panalibe wina woyenda ndi buluku la mzere wakuthwa ngati lawo. Bambowa anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo akadali pasukulu, ndipo mayiwa anamulera okha mnyamatayo ndi manja omwewa.

Tsono vuto ndi lakuti mwana si shiti. Mnyamata atamaliza sukulu, mayi ake anamupemphera ntchito yolandira alendo ku hotela komweko, ntchito ya tayi ndi nsapato zopolisha. Iye anakana. Mtima wake unali pa kamera. Anayamba kujambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso, anthu n'kumutcha Wojambula, koma maloto ake enieni anali opanga mafilimu. Tsiku lina anabwera ndi kafilimu kake koyamba pa foni, ataigwira ndi manja awiri ngati wanyamula dzira, n'kuwapatsa mayi ake kuti aone. Iwo anaonera mpaka kumapeto, osaphethira. Kenako anati, "Koma munthuyu sakanayamba wasita malaya akewa?"

Basi, mawu anali omwewo. Sanati zili bwino, sanati zaipa. Wojambula analandira foni yake mwaulemu, ndipo sabata yomweyo anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa situdiyo kumene ankagwira ntchito, mbali ina ya tauni.

Sanakangane ayi. Bola akanakangana, chifukwa mkangano umatha. Foni inkalira mwa apo ndi apo, "Muli bwanji Amayi, ine ndili bwino, chabwino," n'kudula. Zaka zinapita motero. A Wongolani sankauza munthu, koma zinkawapweteka koopsa, ndipo ankamusowa mwana wawo mpaka chakudya kuwakanika. Ankadziwa kuti pali chopindika pakati pa iwo ndi mwanayo, koma ichi chokha sankadziwa pochigwira.

Masana ena ali pakhonde ndi mng'ono wawo, mayi wogulitsa kaunjika amene pakamwa pake panalibe chotsekera, anangoona Wojambula ali pageti. Anali atasunga ndevu, ndipo batani limodzi la malaya linali litalowa m'bowo la linzake. Dzanja la a Wongolani linali litanyamuka kale kulunjika ku batanilo, koma analibweza panjira n'kunamizira kukanda khutu.

Atapatsana moni, mnyamatayo anakhala pampando n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Amayi, ndikupanga filimu. Yaikulu, yoopsa. Banja lasamukira m'nyumba ya mizukwa. Ndiye mayi amene amayenera kukhala mzukwa, abusa awo awaletsa. Ndikufuna munthu wamtali, wowonda, wa nkhope yosasekaseka."

Mng'ono uja anaomba m'manja. "Ee! Zaka zonsezi osaponda pakhomo pano, lero wakumbuka kuti uli ndi mayi chifukwa wasowa mzukwa? Akulu, mwamva? Akuti nkhope yanu ndi yothamangitsira anthu m'nyumba!"

"Amayi aang'ono, sindinatero ine."

"Watero iwe! Ukanakhala kuti ukufuna mkazi wokongola wa m'filimu, si ukanabwera kwa ine?"

A Wongolani zonsezi sanazimve n'komwe. Iwo anangomva liwu limodzi lokha, lakuti ndikufuna. Mwana akanati akufuna ng'ona, akanagona chafufumimba pakhonde pomwepo n'kuyamba kukwawa. Za amayi a kutchalitchi, za aneba, zoti munthu wamkulu ngati iwo akadzipake zoyera kumaso, anaziganiza pambuyo pake, ndipo ngakhale pamenepo sizinawasinthe maganizo.

"Ndibwere liti?" anafunsa.

Mwana atapita, anadzilonjeza mumtima kuti ulendo uno salankhula, sakhudza kanthu, achita zokhazo zimene auzidwe. Wabwera yekha mwana, ndi mapazi ake. Akamuthawitsanso kachiwiri ndiye kuti basi, sadzapondanso pakhomopo. Ndiye anayamba kukonzekera mwakhama monga ankachitira ndi ntchito iliyonse. Ankaima pagalasi n'kumayesa nkhope zoopsa, mng'ono wawo akupereka malikisi. "Iyo ayi, akulu, iyo ndi ya munthu wodwala dzino. Ingochitani ija mumachita mukapeza thawulo pansi." Anachita imeneyo, ndipo mng'onoyo anavomereza kuti yamuopsadi.

Nyumba yojambuliramo inali yakalekale, kumapeto kwa msewu wafumbi, eni ake anapita kunja n'kuisiya m'manja mwa mlonda. Nkhani yonse ya filimuyo inali yochitika mumdima, koma ankajambula masana dzuwa likuswa mtengo, atakhoma mabulangete m'mawindo. Bambo wa m'filimu anali wometa tsitsi wa pafupi ndi situdiyo, munthu wokhulupirira kuti mantha amayezedwa ndi kukula kwa maso. Mayi wa m'filimu anali mtsikana wa mu saluni, amene sankalola kukuwa kwambiri kuopa kuononga zopaka za kumaso. Ana awiri anachita kubwereka kwa mlongo wake wa wometayo.

Tsiku loyamba a Wongolani anafika m'mawa ena onse asanabwere, monga amachitira munthu wodziwa ntchito. Mlonda anawatsegulira. Atangolowa anagwira pakamwa. Fumbi paliponse, ukonde wa akangaude uli lende kudenga, m'makona, mpaka pa nyale. "Kalanga ine! Mwana wanga aitanire anthu m'khola lotere?" Anabwereka tsache kwa mlonda, anamanga mpango kumutu. Pamene Wojambula amafika, nyumba inali mbee, moti munthu akanatha kugoneka khanda pansi. Iye anaima pakhomo kukamwa yasa. Ukonde uja anaupanga yekha dzulo lake ndi thonje ndi guluu, tsiku lathunthu ali pamakwerero. Fumbi lija anachita kukalitapa kumsewu ndi wilibala.

Sanakalipe. Anangovula chipewa, kuyang'ana mkati mwake, n'kuchivalanso. "Amayi," anatero motsitsa mawu, "kuno musamakonze chilichonse. Chonde."

"Pepa mwanawe. Sindibwerezanso."

Ankanena zoona, zochokera pansi pamtima. Kungoti polonjezapo manja sanafunsidwe maganizo.

Mkanjo wa mzukwa unali katani yakale yoyera. Anapita nayo kunyumba kuti akaiyese, anabwera nayo yochapa, yosita, mpendero atausoka bwinobwino. Wojambula anaitenga n'kukaigubuduza padothi kuseri kwa nyumba, mayi ake akuyang'ana kumbali ngati munthu amene akumuphera nkhuku yake. Kenako mtsikana wa mu saluni anawapaka pauda mpaka nkhope inachita mbuu, n'kuzunguliza makala m'maso. Mng'ono wawo, amene anadziitana yekha kudzaonerera, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Akulu, mwakongola kuposa tsiku la ukwati wanu."

Ntchito inayamba. "Amayi, chitseko chitseguka chokha, tachimanga ndi ulusi. Inu mungolowa pang'onopang'ono, maso patsogolo, osalankhula." Wometa ndi mkazi wake wa m'filimu anagona pabedi, kamera inayamba kujambula, onse anakhala chete. Chitseko chisanasunthe n'komwe, kunamveka go! go! go! Kenako mawu aulemu kwambiri: "Odi."

"Imani! Amayi, mzukwa sugogoda!"

"Nanga ndingolowa m'chipinda cha anthu okwatirana ngati mbala?"

Wometa anaseka mpaka anagwa pabedi. Anabwereza, ndipo anabwerezanso, mpaka mzukwa unaphunzira mwano n'kulowa osaodira.

Kubafa mpopi unkayenera kumadontha madzi ofiira, mzukwa n'kudutsa osacheuka. Mzukwa unadutsadi osacheuka, koma dzanja lake linatsalira m'mbuyo n'kutseka mpopi, kuukhwimitsa bwinobwino. Pabalaza chithunzi chapakhoma chinkayenera kupendekeka chokha banja likudya. Chinapendekeka, ana anakuwa monga anauzidwira, wometa anatong'ola maso. Mzukwa, umene unkayenera kungoima kuseri kwa kabati, unatulukira, unawongola chithunzi, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti uone ngati chalunjika.

"Amayi!"

"Sindinadziwe, mwanawe. Ndangoona chachitika."

Malo oopsa kwambiri m'filimu yonse anali a mwana wogona. Kamtsikana kagona, bulangete lagwera pansi, mzukwa ukubwera manja ali patsogolo kulunjika pakhosi pake. Pamenepa a Wongolani anayenda bwino kwambiri, moti mlonda amene ankasuzumira pakhomo anati thupi lake linachita tsemwe. Anafika pabedi zala atazitambasula. Anawerama. Kenako anatola bulangete, analikutumula kamodzi, anamufunditsa mwana mpaka m'mapewa, n'kupisira m'mbali mwa matiresi mmene ankachitira ku hotela. Mwanayo, amene anali atatopa ndi kudikira, anagonadi tulo teniteni.

Ulendo umenewu Wojambula sanakuwe kuti imani. Kamera inangopitirira kujambula. Pomaliza anati, "Tibwereze. Manja muike kumbuyo, mugwirane zala, musazisiye." Kuyambira pamenepo mzukwa unkayenda manja kumbuyo ngati mphunzitsi woyang'anira mayeso. Chilichonse ankachibwereza mpaka mwana anene kuti chakhala bwino, ndipo a Wongolani ankapita kwawo mtima uli m'malo, podziwa kuti zolakwika zonse zikatayidwa.

Masabata amenewo anali okoma kuposa zaka zambiri za m'mbuyo. Akaweruka, mwana ankawaperekeza pokwerera basi, akuwafotokozera za magetsi ndi magalasi a kamera. Iwo sankamvapo ngakhale chimodzi, koma ankavomera ndi mutu kuti asasiye kulankhula. Tsiku lina anakwera basi pauda asanamupukute bwino, ndipo kondakitala sanawafunse n'komwe kumene akutsikira, anangowasiyira mpando wonse.

Filimu inaonetsedwa Loweruka lina masana mu holo ya sukulu, mawindo atatchingidwa ndi mabulangete omwe aja. Anthu anadzaza. Panali makasitomala a wometa, atsikana a mu saluni, amayi a ku hotela amene mng'ono uja anawamemeza mmodzimmodzi, ndi achinyamata amene anabwera kudzaopsedwa. A Wongolani anakhala pakati atavala diresi la kutchalitchi, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Wojambula anali kumbuyo kwenikweni pa makina oonetsera.

Tinene zoona, filimuyo inali yozizira ngati tiyi wadzulo. Banja linafika, linatsitsa katundu, linalowetsa katundu, linakhala pansi n'kukambirana za katundu. Wometa ankatong'ola maso chinthu chisanachitike, moti chikachitika maso analibenso kokulira. Pamene nkhani imati kunja kuli mdima wa ndiweyani, dzuwa linkaboola bulangete la pawindo, ndipo chapatali pankamveka wogulitsa nthochi akuitanira malonda. Nyimbo yoopsa inkakwera, anthu n'kugwira mipando, kamera n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kuonetsa mphaka. Inakweranso, mphaka yemweyo. Wachinyamata wina anakuwa, "Mphakayu mumulemekeze, akugwira yekha ntchito!" Mafoni anayamba kuwala m'mizere. Ena anatuluka ngati akukagula zakumwa, koma sanabwerere.

Kenako chitseko cha kuchipinda chinaoneka pakhoma, chachikulu, chakuda. Nyimbo inatsika. Go! go! go! "Odi."

Holo yonse inafa ndi phwete. A Wongolani anamva ngati awathira madzi ozizira pamsana. Izi si zija zimayenera kutayidwa? Mpopi unabwera, mzukwa unatseka, anthu anagwira nthiti. Chithunzi chinapendekeka, ndipo mzukwa usanatulukire n'komwe, amayi a ku hotela anakuwira pamodzi ngati kwaya, "Wongolani apo!" Mzukwa unamvera. Bambo wina anagwa nawo mpando. Amene anatuluka aja anabwerera akuthamanga atamva phokoso. Mayi wina chakumbuyo anakuwa, "Mzukwa umenewu umapezeka kuti? Ubwere kwanga, ndiupatsa chipinda ndi makiyi omwe!" Mng'ono wa a Wongolani misozi inali chuchuchu, akuwamenya akulu ake pantchafu.

A Wongolani sanaseke. Pamene mzukwa unkafunditsa mwana, iwo anacheuka kuyang'ana kumbuyo. Pa makina panalibe munthu, ndipo chitseko chakumbali chinali chikutsekeka.

Filimu itatha anthu anawaunjirira, uyu kufuna kujambulitsa nawo, uyu kuwapempha kuti anenenso odi. Iwo maso anali kugeti. Mu basi pobwerera anauza mng'ono wawo, "Ndamuphera mwana ntchito yake. Anthu anabwera kudzaopa, apita akuseka. Kachiwiri tsopano ndamuchititsa manyazi."

Foni sinalire. Lamulungu linadutsa, sabata inayamba, zii. M'tauni mbiri inali itawanda. Kumsika amayi ankawalozerana ndi milomo, wogulitsa nyama anawaonjezera kachidutswa akuti kuti asadzamuyendere kwake. A Wongolani ankangoseka ndi mano okha. Ankatenga foni, kuyang'ana dzina la mwana, kuiikanso patebulo n'kuiwongola kuti ilingane ndi m'mphepete. Anachita mantha enieni, oposa onse amene filimu ija inalephera kupatsa anthu. Pomaliza anadziuza kuti madzi akatayika saoleka, komabe wotayayo sangangokhala n'kumawayang'ana. Anavala, anakwera basi, anatsika, anakweranso ina, kupita ku situdiyo kumene anali asanapondeko.

Kutsogolo kwa situdiyo kunali chinsalu chojambulidwa nyumba zosanja, ndi maluwa apulasitiki pomwe anthu amaima pojambulitsa. Mwini situdiyo anawazindikira, anafuna kuseka, koma ataona nkhope yawo anangowalozera kachitseko ka kuseri.

Kachipindako, mayo ine! Matiresi pansi, shiti itaunjikana kumiyendo, makapu a tiyi pawindo, malaya pampando, pamsomali, pachitseko, nthambo zamagetsi zitapiringizana ngati mizu. Wojambula anali pa kompyuta, maso ali psuu. Anadzidzimuka, anachotsa malaya pampando n'kuwapatsa kuti akhale. A Wongolani anakhala, ndipo anachita chinthu chimene anali asanachitepo m'moyo wawo wonse. Anaika manja onse awiri pansi pa ntchafu n'kuwakhalira.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero. "Ndakuonongera filimu. Unandiuza, ine osamva. Manja angawa ndi opusa, mwanawe, akhala opusa kuyambira kale. Ukafuna kundikalipira undikalipire, koma usandikhalire chete. Zimenezo sindingazithenso."

Wojambula anawayang'ana ngati alankhula chinenero chachilendo. "Inu mupepese ine?"

"Nanga si unathawa mu holo?"

"Ndinathawa chifukwa amakusekani, Amayi! Holo yonse kuseka mayi anga, wowaika pakhomapo ndili ine. Ndimati ndikuyang'anani ndi maso ati? Foni iyi ndaigwira kangati, kuiikanso pansi."

"Tsono unaziikiranji zolakwikazo, poti tinabwereza zabwino?"

Iye anatembenuza kompyuta. "Zabwino zake ndi izi." Panaoneka mzukwa woyenda manja kumbuyo. Unalowa m'chipinda osagogoda. Unadutsa mpopi ukudontha. Unafika pa mwana wopanda chofunda, n'kuima, kumangomuyang'ana. A Wongolani anaonera nkhope ili ndwii.

"Ameneyu ndani? Munthu wouma mtima chotere, mwana akuzizidwa iye wangoima ngati mtengo?"

"Ndi inuyo."

"Si ine ameneyo."

"Ndi zimene ndinaonanso ine." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Filimu ija inali yakufa kale, Amayi, musadzipatse ulemu woti munaipha ndinu. Tinaipha ine ndi wometa ndi mphaka uja. Ndiye podula filimuyo pa kompyuta ndinkati ndifufute zolakwika zanuzo, chala n'kumakana. Pofunditsa mwana paja ndaonerapo kambirimbiri. Poyamba ndinkapsa mtima. Kenako ndinaona kuti umu ndi mmene munkandichitira ine, ndikunamizira kugona. Mawu okoma inu mulibe, zimenezo tonse tikudziwa, ngakhale bambo ankadziwa. Zanu zonse zimatulukira m'manja. Ine zaka zonsezi ndinkadikira pakamwa."

A Wongolani analira. Sanalire mokuwa, misozi inangotsika, ndipo poti manja anali atawakhalira, panalibe woipukuta. Inayenda mpaka pachibwano n'kudonthera pa diresi.

Kutsogolo kunkamveka mwini situdiyo akuuza munthu kuti akweze mutu ndi kusekerera. Wojambula anayang'ana matiresi ake, makapu ake, denga lake lothimbirira.

"Chipinda changa chija munaikamo chiyani? Mabelo a kaunjika a amayi aang'ono?"

"Anapempha, ndinakana." Anakoka mamina. "Bedi ndi loyala. Ndimasintha mashiti Loweruka lililonse chichokere iwe."

Mnyamatayo anadzuka, anasolola chikwama chachikulu kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kuponyamo zovala mmene zinalili, kuzikanikiza ndi chibakera kuti zikwane. Mayi ake anayang'ana kudenga. Malaya analowa, iwo anapirira. Jekete linalowa mkono umodzi uli kunja, anapirirabe, milomo ataluma. Koma atatenga buluku n'kulikulunga ngati mpira, mpando unalira.

"Iwe, ukulongedza kapena ukufinya? Tabweretsa kuno."

Iye anawapatsa, n'kukhala pa matiresi kumawayang'ana akupinda.